Kuwerenga Inde, Kufufuta Ayi: Za Ma Log ndi Maudindo pa Kompyuta

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Lero mu pulogalamu yathu ya zamakompyuta tikamba nkhani imene ambiri amaisiyira anyamata ndi atsikana a IT, pamene ikukhudza bwana aliyense, wowerengera ndalama aliyense, ndi inunso amene dzina lanu ndi nambala yanu ya foni zili m'makompyuta a banki kapena a chipatala. Nkhani yake ndi ya ma log. Ndani aloledwe kuwawerenga? Nanga chilolezocho chiperekedwe motani? Mu situdiyo muno ndili ndi mayi amene ntchito yawo ndi kuyang'anira chitetezo cha makompyuta.



Tisathamange. Wina kunjaku akumva liwu limeneli koyamba. Log n'chiyani?

MLENDO: Mukapita ku ofesi yaikulu iliyonse, pageti mumapeza mlonda ndi buku lake. Mumalemba dzina, nthawi imene mwalowa, ndi amene mukufuna kuonana naye. Potuluka mumalembanso nthawi. Log ndi buku lotero, kungoti wolemba wake ndi kompyuta mwiniwake, ndipo kompyuta siodzera, sichokapo kukagula mandasi. Chilichonse chikachitika imalemba mzere umodzi: tsiku, ola, mphindi mpaka sekondi, dzina la akaunti, kompyuta imene munthuyo walowera, chimene amafuna kuchita, ndiponso ngati zatheka kapena zakanika.

WOULUTSA: Ndiye kuti ine ndikalowa pa kompyuta ya kuntchito m'mawa, penapake palembedwa?

MLENDO: Palembedwa ndithu. Ngati ndi Windows, chochitika chilichonse chili ndi nambala yake. Munthu akalowa bwinobwino, mu log ya chitetezo mumalembedwa nambala 4624. Akalephera, mwina waphonya pasiwedi, mumalembedwa 4625. Tsono taganizani kuti mwatsegula log m'mawa, mwapeza 4625 atandandalika mazanamazana pa akaunti imodzi pakati pa usiku, ndiye kumapeto kwake pali 4624 mmodzi. Palibe amene wakuuzani kanthu, koma nkhani yonse mwaimva: wina anachezera kuyesa mapasiwedi, mpaka anapeza olondola.

WOULUTSA: Aa, n'zoopsa. Ndiyetu ma log ndi umboni.

MLENDO: Ndi umboni, komanso ndi chida chogwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Ambiri amene amafuna kuwawerenga sakusaka wakuba ayi. Wa help desk akufuna kudziwa chimene chatsekera akaunti ya mayi wa ku accounts. Wolemba mapulogalamu akufuna kuona pamene pulogalamu yake ikuthera mphamvu Lachisanu lililonse. Owerengera ndalama, a m'kati ndi ochokera kunja omwe, akufuna kudziwa amene anasintha nambala ya akaunti ya banki ya munthu wogulitsa katundu kutatsala tsiku limodzi kuti alipidwe. Onsewa ali ndi chifukwa chomveka. Vuto limayamba pa mmene timawayankhira akapempha.

WOULUTSA: Timawayankha bwanji?

MLENDO: Inu mukuidziwa ofesi ya kwathu kuno bambo. Wa IT ndi mmodzi kapena awiri. Printa yafa, intaneti ikudukaduka, abwana akuitana. Ndiye pakubwera wowerengera ndalama, akuti ndikufuna kuona ma log a mwezi watha. Wa IT uja, pofuna kuti zimuchoke, amangoti, "Ingolowani ndi akaunti ya admin, pasiwedi yake nayi, mukamaliza mundiuze." Kapena amatenga akaunti ya munthuyo n'kuiika m'gulu la ma admin, ati kwa lero lokha. Lero lakelo limatha zaka.

WOULUTSA: Koma ngati munthuyo ndi wokhulupirika, cholakwika n'chiyani?

MLENDO: Munthuyo anapempha chinthu chimodzi: kuwerenga. Inu mwamupatsa zonse. Tsopano angathe kupanga akaunti yatsopano, kusintha pasiwedi ya wina, kuzimitsa kulemba kwa ma log, ngakhale kufufuta ma log omwewo. Angakhale wokhulupirika ngati m'busa wa mpingo, koma tsiku lina adzatsegula imelo yabodza, pasiwedi yake n'kubedwa. Wakubayo sakhala wapeza akaunti yongowerenga, wapeza akaunti ya admin. Ndipo palinso china chimene anthu sachiganizira. Mwamuchotsera munthu wokhulupirikayo chitetezo chake. Ndalama zikadzasowa, mizere ina ya log n'kupezeka palibe, funso loyamba lidzakhala lakuti: ndani anali ndi mphamvu yofufuta? Dzina lake lidzakhala pamndandanda. Akanakhala wongowerenga, palibe akanamuloza chala.

WOULUTSA: Pamenepo mwandigwira. Ndiye kusapatsidwa mphamvu zambiri kumamuteteza mwiniwakeyo.

MLENDO: Kwambiri. Ine wowerengera ndalama wanzeru ndimamudziwira pamenepa: mukamupatsa akaunti ya admin amakana.

Pa log pali zochita zitatu, ndipo siziyenera kukhala m'manja amodzi. Kulemba ndi ntchito ya makina, osati ya munthu. Kuwerenga kungaperekedwe kwa anthu angapo, malinga ndi ntchito zawo. Kufufuta kusakhale kwa munthu wina aliyense amene zochita zake zikulembedwa mu log imeneyo. Ma log akale azichoka okha nthawi yake ikakwana, potsata lamulo limene bungwe linaika, osati poti wina waona kuti malo achepa pa seva Lachisanu madzulo.

WOULUTSA: Mukatchula kufufuta, ine maganizo akundipititsa ku 2013.

MLENDO: Si inu nokha. Cashgate ndi sukulu yowawa imene dziko lino linalipira fizi yokwera. Kampani ya ku Britain yofufuza za ndalama, Baker Tilly, itaunika miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013, inapeza ndalama zoposa K13 biliyoni zimene zinatuluka mosalongosoka. Gawo lina la ndalamazo linatuluka motere: malipiro ankalowetsedwa mu IFMIS, sisitemu ya boma yoyendetsera chuma, cheke n'kutuluka, kenako zolembedwa za malipirowo n'kufufutidwa mu sisitemu. Sindikunena kuti kukonza maudindo pa kompyuta kokha kukanaletsa zonsezo. Anthu akagwirizana kuba, amapeza njira. Koma kubako kumakhala kosavuta pamene wochita chinthu ali ndi mphamvunso yochotsa mapazi ake, ndipo palibe wina wapadera amene amayang'ana tsiku ndi tsiku zimene makina alemba.

Opanga Windows anaganizirapo zimenezi. Munthu akafufuta log ya chitetezo, Windows imayamba log yatsopanoyo ndi mzere wa nambala 1102, wonena kuti log yafufutidwa ndipo wafufuta ndi uyu. Koma mzere umenewo uthandiza chiyani ngati wololedwa kuuwerenga ndi wofufuta yemweyo basi?

WOULUTSA: Chabwino mayi. Tavomereza kuti tisapereke admin. Nanga sitingangotenga munthu mmodzimmodzi n'kumupatsa chilolezo chowerenga fayilo imene akufuna? Za maudindozi zikubweramo bwanji?

MLENDO: Mungatero muli anthu atatu. Koma tiyerekeze bungwe la antchito 40 ndi masisitemu 10. Mukamapereka chilolezo kwa munthu payekhapayekha, ndiye kuti pali malo 400 ofunika kusankha inde kapena ayi, ndipo ndani adzakumbukira zonsezo chaka chamawa? Wina wasamutsidwa kuchoka ku Lilongwe kupita ku nthambi ya ku Mzuzu, wina wakwezedwa, wina wasiya ntchito. Zilolezo zawo zakale zimatsala zili mbwee m'makompyuta osiyanasiyana.

Njira ya maudindo imatembenuza nkhaniyo. Chilolezo sichipita kwa munthu, chimapita ku udindo, umene pa kompyutapo amaulemba kuti role. Mumapanga udindo, mwachitsanzo "wowerenga ma log a seva ya malipiro". Udindowo mumaupatsa chilolezo chowerenga basi. Kenako munthu amene ntchito yake ikufuna zimenezo mumamuika mu udindowo. Akachoka pa ntchitoyo mumamuchotsamo, malo amodzi, kamodzi. Wolowa m'malo mwake mumamuikamo, ndipo apeza zofanana ndendende ndi zimene mnzake anali nazo, osaonjeza, osachepetsa. Abwana akafunsa kuti ndani angathe kuona ma log a malipiro, simuyamba kukanda m'mutu. Mumatsegula udindowo n'kuwerenga maina.

WOULUTSA: Maganizo amenewa ndi atsopano?

MLENDO: Ayi, ndi akale kuposa ambiri a omvera athu. Mu 1975 akatswiri awiri a ku yunivesite ya MIT ku America, Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder, analemba mfundo zotetezera makompyuta, ndipo ina mwa izo inali yakuti munthu kapena pulogalamu ipatsidwe mphamvu zochepetsetsa zimene zingakwanitse ntchito yake. Mu 1992 David Ferraiolo ndi Rick Kuhn a ku NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, anafotokoza mwadongosolo njira yoperekera zilolezo kudzera m'maudindo. Pofika 2004 inakhazikitsidwa ngati muyezo wa dziko la America. Lero muipeza paliponse, pa sisitemu ya banki, ya chipatala, ngakhale pa tsamba la Facebook la kampani yanu, pamene wina amaloledwa kulemba koma wina amangoona ziwerengero.

WOULUTSA: Tsopano tilowe m'khitchini mwenimweni. Pali wa IT amene akumvera, cholembera chili m'manja. Achite chiyani?

MLENDO: Nkhani yabwino ndi yakuti maudindo ambiri ongowerenga ma log alipo kale, anabwera ndi makinawo, akungodikira. Anthu sawagwiritsa ntchito chifukwa sakuwadziwa.

Tiyambe ndi Windows. Kuyambira pa Windows Vista ndi Windows Server 2008 muli gulu lokonzedwa kale lotchedwa Event Log Readers. Munthu mukamuika m'gulu limeneli amatha kutsegula Event Viewer n'kuwerenga ma log, kuphatikizapo ya chitetezo ija, koma sangaifufute ndipo sakhala admin. Ngati muli ndi Active Directory, musamaike maina a anthu pa seva iliyonse. Pangani gulu limodzi la owerenga ma log mu Active Directory, gulu limenelo ndi limene mulilowetse mu Event Log Readers pa maseva oyenera kudzera mu Group Policy. Mukatero anthu muziwalowetsa ndi kuwatulutsa pamalo amodzi.

Pa Linux, makamaka Ubuntu ndi Debian, ma log ambiri amakhala mu foda ya var, log. Pa Ubuntu mukayang'ana fayilo ya auth.log, imene imasunga za olowa ndi olephera kulowa, muona kuti ili m'manja mwa gulu lotchedwa adm, zilembo zitatu: a, d, m. Chilolezo chake chimalembedwa 640. Manambala atatuwo ali ndi tanthauzo. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2. Nambala yoyamba, 6, ndi ya mwini fayilo: 4 kuphatikiza 2, awerenge ndi kulemba, ndipo mwini wakeyo si munthu, ndi pulogalamu yolemba ma log. Yachiwiri, 4, ndi ya gulu la adm: kuwerenga basi. Yachitatu, 0, ndi ya wina aliyense: palibe chake.

WOULUTSA: Koma dzinalo, adm, likumveka ngati admin.

MLENDO: Ambiri amasokonezeka nalo, ena mpaka amaopa kuikamo munthu. Pa Ubuntu gulu lopatsa mphamvu za admin ndi la sudo. La adm ndi la owerenga ma log. Ndiye wa help desk akafuna kuona chimene munthu akulephererera kulowa, muikeni mu adm, osati mu sudo. Ndipo apa ndichenjeze achimwene ndi achemwali a IT. Lamulo loikira munthu mu adm ndi usermod, kenako kamzere, a wamng'ono, G wamkulu, adm, ndiye dzina la munthu. A wamng'onoyo musamuiwale. Iye ndi amene amanena kuti onjezera. Mukamusiya, Linux imamuchotsa munthuyo m'magulu ena onse oonjezera n'kumusiya mu adm mokha. Alipo ambiri padziko lapansi amene anadzichotsa okha mu sudo mwa njira imeneyi, n'kutsala akuyang'ana seva yawo ngati alendo.

WOULUTSA: (akuseka) Chilembo chimodzi!

MLENDO: Chimodzi basi. Ndipo munthu mukamuika m'gulu, atuluke kaye n'kulowanso, apo ayi abwera kudzakuuzani kuti sizikugwira ntchito.

Amene makompyuta awo ali pa cloud, zinthu ndi zomwezo, maina okha ndiwo asiyana. Ku Microsoft Azure kuli udindo wa Log Analytics Reader. Ku Amazon kuli chilolezo chokonzedwa kale chongowerenga ma log a CloudWatch. Ku Google Cloud kuli Logs Viewer. Koma pa cloud funso silikhala limodzi. Loyamba ndi lakuti munthuyu achite chiyani, yankho n'kukhala kuwerenga. Lachiwiri ndi lakuti awerenge pati. Udindo womwewo mungaupereke pa sisitemu imodzi, kapena pamwamba penipeni pamene ukuphimba bungwe lonse. Wolemba pulogalamu ya webusaiti aone ma log a webusaiti. Ma log a malipiro a antchito akawafunenso chiyani?

WOULUTSA: Omvera, tipume pang'ono. Tikabwerera ndili ndi funso limene likundivutitsa.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Tabwereranso, tikukamba za ma log ndi amene ayenera kuwawerenga. Mayi, funso langa ndi ili. Ngati kuwerenga sikuononga kanthu, bwanji osangotsegulira aliyense mu ofesi? Poti safufuta, aone basi. Si ndiye chilungamo chimenecho?

MLENDO: Apa ndi pamene anthu abwino amagwera. Kuwerenga sikuononga log, n'zoona, koma kungaononge munthu. Mu log mumagwera zinthu zimene palibe anafuna kuti zigweremo.

Ndiyambe ndi kakang'ono. Munathamangirapo m'mawa, n'kulemba pasiwedi yanu pamalo polemba dzina?

WOULUTSA: Zimachitika, makamaka Lolemba.

MLENDO: Kompyuta imakukanani, kenako imalemba mu log kuti munthu wa dzina lakutilakuti walephera kulowa. Dzina limene yalembalo ndi pasiwedi yanu, poyera. Masekondi pang'ono pansi pake pali mzere wina wosonyeza kuti inuyo mwalowa bwinobwino pa kompyuta yomweyo. Wowerenga log wochenjera wagwirizanitsa kale ziwirizo.

Zimachitikanso kwa akuluakulu. Mu Meyi 2018 kampani ya Twitter, imene lero ikutchedwa X, inapempha anthu ake onse, pafupifupi 330 miliyoni, kuti asinthe mapasiwedi. Sikuti akuba anathyola ayi. Mapasiwedi amayenera kusandulizidwa kaye kuti asawerengeke asanasungidwe, koma panali vuto m'pulogalamu limene linkawalemba mu log ya m'kati mwa kampani asanasandulizidwe. Mu Malichi 2019 Facebook nayo inavomereza kuti mapasiwedi a anthu mamiliyoni mazanamazana anasungidwa m'makompyuta ake m'njira yoti antchito ake akanatha kuwawerenga. Makampani onse awiri ananena kuti sanapeze umboni wakuti wina anagwiritsa ntchito mapasiwediwo molakwika. Komabe mu Seputembala 2024 bungwe loteteza zinsinsi za anthu la ku Ireland linalipiritsa Meta, mwini wake wa Facebook, chindapusa cha mayuro 91 miliyoni pa nkhani imeneyi. Tsono ngati makampani okhala ndi akatswiri masauzande angathire mapasiwedi mu log mosadziwa, kuli bwanji pulogalamu imene anakulemberani mnyamata mmodzi pa kontrakiti ya miyezi itatu?

WOULUTSA: Ndiye kuti wowerenga log angathe kuona zambiri kuposa zimene tinkaganiza kuti tamupatsa.

MLENDO: Eya. Ndipo kwathu kuno nkhaniyi ili ndi ululu wakewake, chifukwa timadziwana. Log ya sisitemu yotumizira ndalama pa foni ingasonyeze nambala yotumiza, nambala yolandira, ndalama zake ndi nthawi. Log ya sisitemu ya chipatala ingasonyeze kuti fayilo ya wodwala uyu yatsegulidwa ku kiliniki ya ma ARV. Ku London woona mzere umenewo mwina sangamudziwe munthuyo mpaka kalekale. Kuno woonayo angathe kukhala mlamu wake, kapena woimba naye kwaya imodzi. Mzere umodzi ungathetse banja. Ndiye ine ndikamva bwana akuti "ndi read only basi, apatseni onse," mtima umandidumpha.

WOULUTSA: Nanga tichite bwanji, poti anthu akufunikabe kugwira ntchito?

MLENDO: Ma log si ofanana, ndiye udindo wowerenga usakhale umodzi. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Google Cloud. Iwo anagawa pawiri. Logs Viewer amaona ma log wamba, kuphatikizapo osonyeza zimene ma admin asintha. Koma ma log osonyeza amene anatsegula kapena kuwerenga deta yeniyeniyo amafuna udindo wina, Private Logs Viewer. Ndipo log ya zochita za ma admin imasungidwa masiku 400, palibe admin wa bungwe lanu amene angaizimitse. Maganizo amenewa mungawatengere ngakhale mulibe cloud. Ma log a thanzi la makina, monga disiki yadzadza kapena pulogalamu yagwa, apatseni a IT ambiri. Ma log a chitetezo, ochepa. Ma log okhala ndi za makasitomala kapena odwala, owerengeka pa zala, maina awo olembedwa, wovomereza wake wodziwika. Ndipo wovomerezayo asakhale wa IT. Wa IT ndi wotsegula chabe. Wonena kuti uyu aone ma log a malipiro akhale mkulu wa zachuma, a chipatala akhale woyang'anira zolembedwa za odwala.

Olemba mapulogalamu nawo ali ndi gawo lawo: pasiwedi, PIN, nambala yonse ya khadi, zisamalembedwe mu log n'komwe. Nambala ya foni ingathe kubisidwa pakati, n'kusiya manambala omalizira okha.

WOULUTSA: Malamulo akutipo chiyani?

MLENDO: Kuno ku Malawi tili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, imene imati kulowa kapena kutenga deta pa kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu. Onani kuti nkhani yagona pa chilolezo. Ngati mu ofesi mwanu simunalembe kuti wololedwa ndani, mudzavutika kusonyeza kuti wina anadumpha malire. Tilinso ndi Data Protection Act ya 2024, imene woyang'anira wake ndi MACRA. Log yokhala ndi dzina kapena nambala ya foni ya munthu ili ndi deta ya munthuyo, ndipo iyenera kusamalidwa ngati deta ina iliyonse. Mabanki ndi ena ogwira makadi a Visa ndi Mastercard alinso ndi muyezo wa PCI DSS. Umenewu umanena mosapita m'mbali kuti owerenga ma log akhale okhawo amene ntchito yawo ikufuna zimenezo, kuti ma log atetezedwe kuti asasinthidwe, ndiponso kuti asungidwe miyezi 12, itatu yomalizira ikhale pafupi yoti n'kuonedwa nthawi yomweyo.

WOULUTSA: Mayi, ndiloleni ndiyankhulire omvera ena. Zimenezi n'za mabanki. Kuli SACCO, kuli sukulu ya pulayiveti, kuli kabungwe ka anthu khumi. Wa IT ndi mmodzi, iye yemweyo ndi admin, iye yemweyo amakonza printa. Mugawa bwanji maudindo pa munthu mmodzi?

MLENDO: Funso limenelo ndi lenileni, ndipo sindinama kuti pali yankho loyera bwino. Admin wa kompyuta ali ndi mphamvu pa kompyuta imeneyo, palibe udindo umene ungamumange manja kotheratu. Chimene mungachite ndi kutulutsa ma log m'manja mwake msanga. Makina azitumiza mzere uliwonse kwina nthawi yomweyo pamene walembedwa. Linux imachita zimenezi kudzera mu syslog, Windows ili ndi njira yake yotumizira zochitika ku kompyuta ina. Kumene ma log akupitako, wa IT uja akhale wongowerenga, ndipo pasiwedi yaikulu ya kumeneko isungidwe ndi wina, kaya manejala kaya wapampando wa komiti yoona za chuma. Akafufuta kuno, kope lili uko. Koma mawotchi a makina onsewo agwirizane, apo ayi mudzapeza log ikunena kuti munthu anatuluka asanalowe.

Ndipo wa IT woona mtima sakwiya nazo zimenezi. Wokwiya nazo, abwana amuyang'anitsitse.

Chinanso, ndipo ichi sichifuna ndalama ngakhale tambala: lekani kubwerekana akaunti. M'maofesi ambiri muli akaunti imodzi ya accounts, pasiwedi yake yolembedwa pa kapepala komatidwa pansi pa kiyibodi, anthu asanu akuidziwa kuphatikizapo amene anasiya ntchito chaka chatha. Log idzakuuzani mokhulupirika kuti akaunti ya accounts inasintha malipiro 7 koloko madzulo. Ndani mwa asanuwo? Log sidziwa. Mungakonze maudindo okongola bwanji, ngati akaunti siikuimira munthu mmodzi, owerenga anu akuwerenga mphepo.

WOULUTSA: Nanga owerengawo, ndani amawayang'anira?

MLENDO: Kuwerenga nakonso kuzilembedwa. Masisitemu abwino osungira ma log amasunga mbiri ya amene anafufuza chiyani ndi liti. Wa help desk akamafufuza nambala ya foni imodzimodzi usiku uliwonse, popanda kasitomala amene wadandaula, pali nkhani. Ndipo anthu auzidwe poyera kuti kufufuza kwawo kumalembedwa. Ambiri amasiya chidwi chosayenera akangodziwa zimenezo.

Chovuta kwambiri si kupereka udindo, ndi kuulanda. Kupereka kuli ndi wokukumbutsani, chifukwa munthu akufuna agwire ntchito, abwera kawiri katatu. Kulanda kulibe wokukumbutsani. Palibe amene amabwera kudzanena kuti achimwene, ndasamukira ku malonda, ndichotseni m'gulu la owerenga ma log. Ndiye wowerengera ndalama wochokera kunja akabwera kwa milungu iwiri, akaunti yake ikhale ndi tsiku lothera kuyambira tsiku loyamba. Active Directory imalola zimenezo, Linux nayonso. A HR akamalemba kalata yosamutsa munthu kapena yomutsanzika, kope lipite kwa a IT tsiku lomwelo. Ndipo kumbukirani zimene ndinanena zija, kuti kusintha kwa gulu kumayamba kugwira munthu akalowanso. Zimagwiranso chimodzimodzi pochotsa. Mukamuchotsa m'gulu ali chilowere, angapitirize kuwerenga mpaka atatuluka. Ngati mukumuchotsa chifukwa cha mlandu, mutulutseni pa makinawo nthawi yomweyo.

Miyezi itatu iliyonse, mwini wa deta akhale pansi ndi mndandanda wa maina a mu udindo uliwonse, afunse dzina ndi dzina: uyu akufunikabe? Ndi ntchito yotopetsa, ya theka la ola, ndipo nthawi zambiri mumapezeka dzina lodabwitsa.

WOULUTSA: Kwatsala mphindi imodzi. Wa IT uja wa cholembera, akafika mu ofesi mawa ayambire pati?

MLENDO: Ayambe n'kuwerenga maina, asanasinthe kanthu. Pa Windows alembe net localgroup, kenako Administrators, aone amene alimo. Achitenso chimodzimodzi ndi Event Log Readers. Pa Ubuntu alembe getent group sudo, kenako getent group adm. Akapeza gulu la ma admin ladzadza pamene la owerenga mulibe munthu, atenge dzina lililonse afunse kuti ameneyu analowamo kudzatani. Amene analowa kudzangoona ma log awasamutse. Windows ikakonzedwa kuti izilemba za kusintha kwa magulu, idzalemba 4733 pomuchotsa m'gulu lakale ndi 4732 pomuika m'gulu latsopano, ndiye manejala akafunsa, umboni wa ntchitoyo ulipo.

WOULUTSA: Nthawi yatithera.



Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)